Mafunso a Owerenga: Zitsulo Zanga Zakana Kusakanikirana

Funso: A Mkonzi, ndine wophunzira wa ku Moatize. Ndawerenga kuti akayala timiyalo topyapyala ta zitsulo ziwiri n'kutiwomba ndi maayoni (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi), timasakanikirana pamalire pake. Nanga n'chifukwa chiyani nthawi zina zimakanika, ngakhale makina ndi mphamvu yake zili zimodzimodzi?

Yankho: Achimwene, kawirikawiri wolakwa ndi okosijeni kapena kaboni wotsalira pamalirepo. Tinene kuti mwayala nikelo wochindikala mananomita 30 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) pamwamba pa titaniyamu, n'kuwomba ndi maayoni a mpweya wa xenon a mphamvu ya 300 keV, okwana 10^15 mpaka 10^16 pa sikweya sentimita. Ayoni iliyonse imagunda maatomu n'kuwasuntha, ndipo pamene yadutsa pamatentha koopsa kwa kamphindi kochepetsetsa. Dera losakanikiralo limakula mwapang'onopang'ono: kuti liwirikize kawiri, maayoni muwachulukitse kanayi.

Tsono titaniyamu ndi aluminiyamu zimakonda okosijeni kwambiri. Aluminiyamu akangokhudzana ndi mpweya amavala chikhungwa cha mananomita awiri kapena atatu, chomwe chija chili pa poto wanu wophikira. Maatomu a m'chikhungwacho amagwirana zolimba, ndipo ngakhale ayoni iwamwaze amafulumira kugwirananso, choncho chimakhala ngati mpanda pakati pa zitsulozo. Zonyansazi, okosijeni ndi kaboni, zimakolanso timipata totsala pamene atomu yachoka, pomwe timipatato ndi timene timayendetsa maatomu chitsulo chikafunda. N'chifukwa chake vutoli limaonekera kwambiri powomba chitsulo chotenthetsedwa.

Ambiri amathamangira kuwonjezera maayoni, ndipo kumeneko n'kutaya nthawi. Cholakwika chinachitika kale poyala. Mpweya wotsala m'chipinda choyaliramo ukakhala pa 10^-6 Torr (Torr ndi muyeso wa kupanikiza kwa mpweya), sekondi imodzi yokha imatha kukwanira kuti pamwamba ponse pakutike ndi mzere umodzi wa maatomu achilendo. Mukachedwa mphindi zisanu pakati pa muyalo woyamba ndi wachiwiri, mpanda wamangika. Popani mpweya kufika 10^-8 Torr kapena kutsikirapo, ndipo yalani miyalo yonse motsatizana osatsegula chipindacho. Samalaninso ndi pampu ya mafuta: nthunzi yake imatera pachitsulo, maayoni amaiphwanya n'kukhomerera kaboni m'kati.

Poyeza, musadalire RBS yokha, njira yowomba maayoni a heliyamu a mphamvu ya 2 MeV n'kuyeza amene anjanja. Okosijeni ndi wopepuka, chizindikiro chake chimamira m'cha zitsulo zolemera, ndipo mungaganize kuti malire ndi oyera. Tsimikizani ndi njira zina zoyezera zimene zimaona bwino okosijeni ndi kaboni, monga Auger kapena SIMS, musanawombe, kenaka muyezenso mutawomba.