Timipira ta oats ndi chiponde: paudala ndi wofunikadi?

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga, ndipo funso loti n'chifukwa chani timipira tanu ta oats ndi chiponde tikumanyenyeka mukamaumba ndiyankha, limenelo ndi losavuta. Koma chomwe chandikhudza ine ndi kachiganizo komwe munakaika kumapeto ngati kosafunika kwenikweni, koti mnzanu wa ku jimu anakuuzani kuti popanda paudala wa mapuloteni mukungodya maswiti, nde mukuganiza zongosiya. Chonde musasiye.

Mawu amenewo ine anandipezapo ndipo anandipweteka kwambiri. Ndinayamba kupanga timipirati nditabwerera kuntchito mwana wanga wachiwiri akadali kuyamwa. Amene anayamwitsapo akuidziwa njala yake, si njala yoti ungainyengerere ndi madzi ayi, imakugwira cha m'ma 3 koloko masana, manja kumanjenjemera pa kiyibodi, mutu kumawawa cha m'maso umu, munthu akakufunsa kanthu kakang'ono iwe mtima wapsa kale. Ndipo si kususuka, thupi la mayi woyamwitsa limafuna makalori owonjezera, pakati pa 300 ndi 500 patsiku. Chomwe chinali pafupi ndi mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera basi, umadya, umamva bwino pang'ono, pakangotha ola njala ija yabwerera kuphatikiza tulo. Nde ndinayamba kumaumba timipira Lamulungu madzulo mwana akagona, n'kumanyamula tiwiri m'kabokosi tsiku lililonse. Tinkandithandizadi, ndinkafika kunyumba ndili munthu, osati kufikira kutsegula fuliji chikwama chili paphewa.

Tsiku lina mayi wina wa muofesi mwathu, wokonda masewero olimbitsa thupi, anasuzumira m'kabokosi kaja n'kufunsa zomwe ndaikamo. Nditamuuza anangoti, "Aaa popanda paudala? Amenewotu ndi maswiti, n'chifukwa chake thupi silikubwerera." Ananena anthu ali pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumakadyera pamasitepe akuseri komwe sikudutsa anthu, kumatafuna mwachangu, kupukuta pakamwa ndisanalowe. Munthu wamkulu, woyamwitsa, wanjala, kumabisala ndi chakudya chomwe wadzipangira yekha ndi manja ake. Mpaka pano ndikakumbuka zimandiwawa, ndipo zimandiwawa kwambiri podziwa kuti pali amayi ambiri omwe akudya mwamanyazi chonchi chifukwa choti wina anayankhula zomwe anangomva pa TikTok.

Chomwe chinandichotsa pamasitepe paja ndi masamu. Ndinatenga botolo la chiponde ndi paketi ya oats n'kuwerenga timanambala tolembedwa kumbuyo tija, tomwe ambirife sitiyang'ana n'komwe. Chiponde chimakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25 pa magalamu 100 alionse. Oats pafupifupi 13. Nthanga za maungu zosenda zimafika pa 30. Mkaka waufa umayambira pa 26 ngati uli wa mafuta onse, mpaka cha m'ma 35 ngati ndi wochotsa mafuta. Dzira limodzi, lomwe palibe amalitcha switi, lili ndi magalamu 6. Nditawonkhetsa zomwe ndinkaika m'bakuli mwanga n'kugawa ndi timipira tomwe tinkatuluka, kamodzi kanali ndi magalamu ngati 4. Tiwiri tanga tija tinali kuposa dzira. Switi yanji imeneyo?

Ndipo munthu amafuna mapuloteni ochuluka bwanji kodi? Kwa wamkulu wathanzi muyeso womwe akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito ndi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wolemera makilogalamu 65 ndiye kuti magalamu 52 kapena kuposerapo pang'ono, woyamwitsa ndi wonyamula zitsulo amafuna ochulukirapo. Ambiri mwa amenewa amachokera m'chakudya chenicheni cha m'mawa, masana ndi madzulo. Kampira ntchito yake ndi kukuwolotsani pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, basi, sikanabwere kudzalowa m'malo mwa mbale ya chakudya.

Paudala sindidana naye, ndinene poyera. Wodziwika kwambiri ndi wa whey, gawo la mkaka lomwe limatsala akamapanga tchizi, amaliumitsa n'kukhala ufa, ndipo kasikupu kamodzi ka magalamu 30 kamapereka mapuloteni pakati pa 20 ndi 25. Kwa munthu wonyamula zitsulo zolemera, kapena agogo omwe chakudya sichikulowa bwino, ndi chinthu chothandiza ndithu. Chomwe ndimakana ndi mtima woti chakudya sichingakhale chabwino pokhapokha chitachoka m'chigubu chodula cholembedwa zilembo zikuluzikulu. Ambiri mwa anthu omwe amakuuzani zimenezi pa intaneti ali ndi chomwe akugulitsa, kaya ndi paudala yemweyo, kaya pulogalamu yochepetsa thupi, ndipo malonda awo amayenda bwino inu mukamadziona operewera. Zimenezo ine zimandinyansa. Munthu wayamba kudzipangira kanthu kunyumba m'malo mogula mabisiketi, wayamba kudzisamala, m'malo momulimbikitsa mukumugwetsa ulesi kuti mumugulitse chigubu. Ayi ndithu. Ndipo onani, paudala wambiri wokometsedwa ndi chokoleti kapena vanila amakhala ndi zotsekemeretsa zake, nde nkhani yoti paudala ndi amene amachotsa uswiti siyoona n'komwe.

Pali pamodzi pomwe mnzanuyo akanakhoza akanati ayankhule bwino. Maresipi ambiri omwe ali pa intaneti ndi otsekemera mopitirira. Mupeza akuti theka la kapu ya uchi, kapu ya zipatso zouma zotchedwa madeti, kenako tizidutswa ta chokoleti pamwamba, n'kulemba kuti mulibe shuga chifukwa choti sanathiremo shuga woyera uja. Uchi ndi shuga achemwali, pa magalamu 100 oposa 80 ndi shuga. Madeti ali ndi faiba inde, koma shuga wake amapitirira magalamu 60 pa 100. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wochita kuwonjezera, ndipo uchi anauwerengera momwemo, asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amadya patsiku, kwa wamkulu ndi ngati matiyisupuni 12, ndipo ati ndi bwino koposa kutsika kufika pa 6. Nde ngati pali chofunika kuchiyang'anitsitsa m'bakuli mwanu ndi uchiwo, osati kusowa kwa paudala. Chiponde chomwe muzichiwerenga kumbuyo, china amathiramo shuga wambiri, chabwino ndi choti pa zosakaniza pangolembedwa mtedza ndi mchere.

Pomwe ndatchula mtedza ndinenenso izi, poti zimandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya makalori. Ngati mumasinja kapena kugaya chiponde chanu nokha, sankhani mtedza bwinobwino. Wachuku, wofota, wosintha mtundu, wowawa mukaulawa, tayani osaumvera chisoni. Nkhungu ya mu mtedza imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikumuthetsa yense.

Chinanso, timipirati sitiphikidwa inde, koma mawu oti zosaphika asakupusitseni kuti chilichonse chingalowemo chachiwisi. Oats wophwatalala uja amakhala atamudutsitsa kale mu nthunzi yotentha kufakitale, n'chifukwa chake amadyeka osaphika. Ufa wa tirigu ayi, ndi wauwisi ndipo umatha kukhala ndi majeremusi. Mu 2016 ku America anthu 63 anadwala ndi majeremusi otchedwa E. coli ndipo gwero lake linali ufa wa tirigu. Ndimaona ena akuti timipira tikachita madzimadzi thiranimo kafulawa, musayerekeze. Ufa wa soya nawo, ngakhale uli ndi mapuloteni ambiri, uyenera kukhala wa soya wokazinga kapena wophika kale, wauwisi umavuta kugayika ndipo umasokoneza m'mimba.

Tsopano za kunyenyeka kuja

Timipira timanyenyeka chifukwa zouma zachuluka kuposa zomata, kapena mwaumba oats asanayamwe chinyezi. Ine ndimaika kapu imodzi ya oats, theka la kapu ya chiponde, kota ya kapu ya nthanga za maungu zokazinga zosinja pang'ono, kota ya kapu ya mkaka waufa, masupuni awiri aakulu a uchi ndi kamchere. Mukafuna, supuni ya koko wosatsekemera. Theka la oats uja muyambe mwamugaya kapena kumusinja, chifukwa oats wathunthu yekhayekha sagwirana. Chiponde chikakhala cholimba, makamaka cha pansi pa botolo chomwe mafuta anathamo, chitenthetseni pang'ono pamodzi ndi uchi mpaka chifewe musanathire zouma. Sakanizani ndi dzanja, supuni imanama. Kenako tapani pang'ono mufumbate mwamphamvu n'kutambasula chikhatho: zikatsala zili chibulu chooneka mizere ya zala ngati dongo lonyowa, zatheka. Zikamwazika thirani madzi tiyisupuni imodzi, sakanizaninso, osathira ambiri nthawi imodzi. Zikamamatirira m'manja onjezani oats wogaya. Ikani bakuli lonse mu fuliji kwa mphindi 30 musanaumbe, apa ndi pomwe ambiri amathamangira n'kulephera. Poumba nyowetsani manja, ndipo muyambe mwafinya musanazungulize, kuzunguliza kokha sikugwirizanitsa kanthu.

Muyeso umenewu umatulutsa timipira ngati 15, kalikonse kali ndi makalori pafupifupi 100, nde tiwiri ndi tokwana pa njala ya masana. Ngati tsiku lina mudzafune kuikamo paudala, chotsani mkaka waufa n'kuika iyeyo, koma dziwani kuti amamwa madzi kwambiri, mudzafunika kuwonjezera chiponde kapena timadzi.

Sungani m'kabokosi kotseka bwino mu fuliji, sabata imodzi timakhala bwinobwino, mu fuliza timatha miyezi itatu. Munatchula kuti muli ndi ana, nde kumbukirani kuti uchi sapatsidwa mwana wosakwana chaka chimodzi chifukwa cha matenda a botulism, ndipo kwa ana osakwana zaka zisanu nthanga zikhale zogaya bwino, kampirako mukaphwanyephwanye kuopa kutsamwa. Ngati pakhomo pali amene mtedza umamuwenga, gayani nthanga za mpendadzuwa zokazinga mpaka zitulutse mafuta, zimamata chimodzimodzi ngati chiponde ndipo muyeso wake ndi womwewo.