Chifukwa chiyani wailesi imamveka patali ku Beira koma ku Mfuwe imazimirira?

Bambo wina wa ku Katete, woyendetsa thiraki yopita ku Beira kudzera pa Chanida ndi Tete, wanditumizira imelo. Akuti akafika kugombe, wailesi ya m'galimoto imagwira masiteshoni akutali, ena achilankhulo chimene sachidziwa n'komwe, koma akamatsikira ku Mfuwe kuchoka ku Chipata, ngakhale Breeze FM ya kwathu konkuno imayamba kuphwerera. Akufunsa ngati wailesi yawo yafa.

Bambo, wailesi yanu ili bwinobwino. Chimene chikusintha ndi malo amene mafunde akudutsa.

FM imaulutsidwa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz (manambala amene mumaona pawailesi posaka siteshoni), ndipo funde lake ndi lalifupi, pafupifupi mamita 3. Limayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, phiri likaima kutsogolo, kuseri kwake kumakhala mdima. Mafunde ena amakhota pang'ono pamsonga pa phiri, koma amafika atafooka. N'chifukwa chake milongoti youlutsira mawu amaizika pamwamba. Pamalo athyathyathya, mlongoti wa mamita 100 umafikitsa mawu pamtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo ukakhala paphiri umapitirira apo. Tsono Chipata ili pamtunda, pakati pa mapiri ngati Kanjala, pomwe Mfuwe ili pansi m'chigwa cha Luangwa. Mukamatsetsereka, zitunda zimatsala kumbuyo kwanu n'kukutchingani. Mukadzayendanso msewu umenewu mudzamvetsere: pachitunda mawu amabwerera, m'dambo amathawanso.

Beira ndi nkhani ina. Mzindawu uli pathyathyathya, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo panyanja palibe chotchinga. Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mpweya. Madzi amaziziritsa mpweya wapansi, pomwe pamwamba pake pamayala mpweya wotentha ndi wouma wochokera kumtunda. Pamene mipweya iwiriyi yakumana, mafunde a FM amapindikira pansi m'malo mothawira kumwamba, n'kumayenda motsatira nyanja makilomita mazanamazana. Zimenezi sizichitika tsiku lililonse. Zimakonda nyengo yabata, ndipo mphepo yamphamvu ikasakaniza mpweyawo zimatha. Masiteshoni achilendo aja ayenera kuti anakupezani motero.

Mukatsegula AM, mchere wa m'nyanja ndiwo umagwira ntchito. Mafunde ake amakwawa pansi, ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi bwino kwambiri kuposa dothi louma lamiyala, lomwe limawamwa mphamvu. Katswiri wina wa ku Britain, G. Millington, anasonyeza mu 1949 kuti funde lofooka likachoka pamtunda n'kulowa panyanja limapezanso mphamvu. Nyanja ya Malawi ilibe mwayi umenewu mokwanira poti madzi ake alibe mchere, ngakhale kuti kusalala kwake kumathandiza FM kuwoloka tsidya lina. Usiku AM imamveka patali kulikonse, ngakhale kuno kwathu, chifukwa mafunde amagunda kumwamba n'kubwerera pansi. Zimenezo sizikhudzana ndi nyanja.

Choncho musataye ndalama kugula wailesi ina. Onani kaye eriyo ya pathiraki: ikhale yoongoka, yotalika pafupifupi masentimita 75, ndipo pamene yamangidwa pasakhale dzimbiri, chifukwa mphepo yamchere ya ku Beira imadya chitsulo msanga. Mukamagona m'njira ndipo mukufuna kumva nkhani zakwathu, imikani galimoto pachitunda, mbali yoyang'ana ku Chipata.