Kujambula minda ya maluwa ndi zofunda za Aamish ku Indiana

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mudzakhala ndi masiku atatu okha kumpoto kwa Indiana, ku America, mupite mwezi uti ndipo muyambire pati kuti mubwereko ndi zithunzi zabwino za minda ya maluwa yobzalidwa ngati zofunda. Ine ndinayendako kawiri, ndipo langizo langa lalikulu ndi lakuti musathamangire ku maluwa. Yambani mwaona zofunda zenizenizo, pakuti mindayo ikungotsanzira ntchito ya singano, ndipo amene sanaione ntchitoyo pafupi amangojambula maluwa osadziwa chimene akuyang'ana.

Chofunda chimene eni ake amachitcha quilt chimakhala ndi zinthu zitatu zosanjikizana: pamwamba pali tizigamba tolumikizidwa mwaluso, pakati pali thonje kapena ubweya, pansi pali nsalu yaikulu, ndipo zonsezi zimagwiridwa ndi timisoko ting'onoting'ono. Aamish, gulu la Akhristu okhala moyo wosalira zambiri, anayamba kukhazikika m'dera la Elkhart ndi LaGrange mu 1841, ndipo zofunda zawo zakale zimadziwika ndi nsalu zopanda maluwamaluwa, kawirikawiri zigamba zowala zitaikidwa pa nsalu yakuda. Mapangidwe ake ali ndi mayina, monga Nine Patch ndi Log Cabin, ndipo mukawadziwa mudzawazindikira msanga m'minda. Vuto la wojambula ndi lakuti luso lalikulu lili mu timisoko tija, koma kamera siitiona ngati kuwala kukuchokera kutsogolo. Zimitsani fulashi, ndipo imani pamene kuwala kwa pawindo kukudutsa chammbali pa nsaluyo. Mudzaona kamsoko kalikonse katapanga kamthunzi kake, ndipo nthenga kapena zingwe zolukana zimene wosoka anazijambula ndi ulusi zidzatumphuka. Ndinaima nthawi yaitali pa chofunda china chakuda, ndikungosuntha phazi pang'onopang'ono, mpaka pamene nsalu imene inkaoneka yosalala inadzaza ndi mizere. Koma m'sitolo muzipempha kaye chilolezo, chifukwa ena salola kujambula poopa kuti mapangidwe awo angaberedwe, ndipo ine ndimawamvetsa.

Tsopano za minda. Imatchedwa Quilt Gardens, ndipo ili m'matauni a m'mbali mwa njira ya Heritage Trail, yotalika pafupifupi makilomita 145, monga Elkhart, Bristol, Middlebury, Goshen, Nappanee ndi Wakarusa. Kuona mindayi ndi kwaulere, kuyambira kumapeto kwa Meyi kufikira pakati pa Sepitembala. Ulendo woyamba ndinapita kumayambiriro kwa Juni, ndipo ndinabwerako ndi zithunzi zodzaza dothi, chifukwa mbande zinali zisanakule n'kukumana. Pitani kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, pamene begonia, marigold ndi coleus zakhathamira ndipo mitundu yagundana ngati zigamba zosokedwa.

Munda wotere umafuna kuuonera pamwamba. Yambiri inabzalidwa potsetsereka kuti mapangidwe ake azioneka, koma mukaima pafupi kwambiri mbali yakutsogolo imakula, yakumbuyo n'kufinyika, ndipo timabwalo ta ngodya zinayi timaoneka topindika. Bwererani kumbuyo, pezani malo okwera, kenako kokerani chithunzicho pafupi ndi lenzi. Mukatero mizere imawongoka. Tsiku la mitambo musadandaule nalo, chifukwa ndi limene limatulutsa mitundu bwino, pamene dzuwa la masana limawalitsa masamba mopitirira ndi kudula munda ndi mithunzi yakuda. Samalani kwambiri ndi maluwa ofiira, pakuti kamera ndi foni zomwe zimakonda kuwasandutsa chibanthu chimodzi chopanda tsatanetsatane. Chepetsani kuwala pang'ono musanadine. Mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku kumeneko, choncho madzulo mudzakhala ndi nthawi yokwanira.

Pa malo achilengedwe sindichulukitsa mawu. Bonneyville Mill, pafupi ndi Bristol, ndi chigayo chakale chofiira choyendera madzi, ndipo chimakongola m'mamawa nkhungu isanachoke pamtsinje. Ku Middlebury kuli Krider World's Fair Garden, munda umene chiyambi chake ndi chionetsero cha ku Chicago cha 1933 ndi 1934. Njira ya Pumpkinvine, imene kale inali ya sitima, imalumikiza Goshen, Middlebury ndi Shipshewana, ndipo pa njinga mudzadutsa minda ya chimanga, nkhokwe zazikulu zoyera ndi zovala zoyanikidwa pa chingwe.

M'njira imeneyo mudzakumana ndi Aamish eni ake, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musawaloze kamera kumaso. Ambiri a iwo amaona kuti kuima kuti ujambulidwe n'kudzikweza, ndipo ena amatchulanso lamulo la pa Eksodo 20:4 loletsa mafano. Ngakhale ana, amene mwina angakumwetulireni, asiyeni. Ngolo yokokedwa ndi hatchi mungathe kuijambula chakumbuyo ikupita, muli patali, ndipo musaimitse galimoto modzidzimutsa pafupi ndi hatchiyo kapena kulowa pakhomo pa munthu popanda chikwangwani chosonyeza kuti pali malonda. Ngati mukufuna kumvetsa chikhulupiriro chawo musanayambe kuzungulira, pitani ku Menno-Hof, malo ofotokozera alendo mbiri yawo, ku Shipshewana tsiku loyamba, kenako mulowe m'masitolo a zofunda a m'tauni yomweyo. Konzani ulendo wanu kuti tsiku limenelo lisakhale Lamlungu, chifukwa masitolo ambiri amakhala otseka. Msika waukulu wa ku Shipshewana umachitika Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo minda ya maluwa mungaisiyire tsiku lililonse limene kwachita mitambo.