Pa KiCad, yambani ndi zipangizo zomwe zili patebulo panu

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mumakonza mafoni ndi ma inverter pa Kasungu boma, munaphunzira nokha kujambula ma board a zamagetsi pa pulogalamu ya KiCad, ndipo tsopano mukufuna kuthandiza nawo amene amapanga pulogalamuyi, koma C++, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, simuidziwa kwenikweni, laputopu ndi yakale, bandulo nayo ikudula. Ena pamwambapa akuti mukaphunzire kaye C++ mubwere chaka chamawa. Ine sindikugwirizana nawo. Mukatsatira zimenezo simudzayamba, pomwe ntchito yoti mungaigwire sabata ino ilipo.

KiCad anaiyamba ndi mphunzitsi wina wa ku Grenoble ku France, Jean-Pierre Charras, mu 1992. A CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi la ku Ulaya, analowapo mu 2013, ndipo mu 2019 ntchitoyi inalowa pansi pa Linux Foundation, bungwe lothandiza mapulogalamu omwe code yake ili poyera. Zonse zimasungidwa pa GitLab, webusaiti yosungirako code ya mapulogalamu, poyera, aliyense atha kuona. Pulogalamu yeniyeniyo inalembedwa mu C++, koma imeneyo ndi mbali imodzi chabe. Palinso ma library, nkhokwe za zojambula za zipangizo, mabuku ofotokoza kagwiritsidwe ntchito, ndi malo operekera madandaulo pulogalamu ikachita zolakwika. Mbali zonsezi zimasowa manja.

Inuyo malo anu ndi ku ma library. Chipangizo chilichonse pa KiCad chimafuna symbol, chizindikiro chomwe mumaika pa schematic (chojambula choonetsa mmene zipangizo zalumikizirana), ndi footprint, yomwe imasonyeza pomwe miyendo yake idzagwire pa board. Munthu amene amagwira soldering iron tsiku ndi tsiku amadziwa zinthu zomwe wongolemba code sazidziwa: kuti pad, kamalo kowotchererapo mwendo wa chipangizo, ikachepa kuwotcherera kumavuta, kuti soketi ya charger ikapanda miyendo yolowa m'mabowo imazuka mwini foni akangokoka chingwe kangapo. Luso limeneli muli nalo kale m'manja.

Sankhani chipangizo chimodzi chomwe mumagwiritsa ntchito kawirikawiri, mufufuze ngati chilimo kale mu library. Ngati mulibe, pezani datasheet yake, chikalata cha miyeso ndi kagwiridwe kake, kuchokera kwa kampani yomwe inachipanga. Musanajambule kalikonse werengani malamulo a KiCad Library Convention, omwe amangowatchula kuti KLC. Ndi ataliko, koma ndi omwe owunika ntchito yanu adzagwiritse. Mwachitsanzo, mapini a symbol amayenera kukhala pa gridi ya 2.54 mm, mzere wa silkscreen, zolembedwa pamwamba pa board zija, umakhala wa 0.12 mm, ndipo courtyard, malire oteteza kuti zipangizo zisapanikizane, kawirikawiri imasiya mpata wa 0.25 mm kuzungulira chipangizocho. Mukamaliza footprint, pitani kwa a pulinta pamsika, muwauze asindikize pa kukula kwake kwenikweni, 1:1, asachulukitse kapena kuchepetsa kuti zikwane papepala. Kenako tengani chipangizocho ndi tweezer muchikhazike papepalapo, muyang'ane ndi galasi lanu lokuza zinthu lija. Mwendo uliwonse uyenera kugwa pakati pa pad yake. Umodzi ukatsetsereka ngakhale pang'ono, bwererani ku datasheet, mwina mwawerenga miyeso ya mainchi ngati mamilimita, kapena chithunzicho ndi choonera pansi inu mwachitenga ngati choonera pamwamba. Cholakwika chachiwirichi ndi chimene chimatembenuza mapini onse, board n'kubwera yosagwira ntchito ndalama zitapita kale.

Dziwaninso kuti timamodyulu ta pamsika topanda dzina la kampani, monga tija totchajira mabatire a 18650, n'tovuta kuti atilandire mu library yaikulu chifukwa tilibe datasheet yodalirika ndipo miyeso imasiyana wina ndi wina. Timeneto tijambulenibe, mutiike pa GitLab panu, mutipatse ulalo muno. Anyamata okonza ma solar ku Santhe ndi ku Chinkhoma atigwiritsa ntchito ndithu.

Njira ina yachangu ndi kupereka lipoti pulogalamu ikalakwitsa. KiCad ikadzitsekera yokha, musangodandaula n'kuitsegulanso. Yesani kubwereza zomwe munachita mpaka mutadziwa kuti ndikadina apa, kenako apa, imagwa. Fufuzani pa GitLab ngati wina sananene kale. Ngati palibe, pitani pa Help musankhe Report Bug, ndipo muonetsetse kuti zonse zokhudza version yanu zalembedwa, chifukwa popanda zimenezo sangakuthandizeni. Lembani masitepe mwachidule, muikepo kafayilo kakang'ono koonetsa vutolo. Chizungu chisakuopseni, ambiri kumeneko si chiyankhulo chawo. Ndiye laputopu yakaleyo musaipeputse. Opanga pulogalamu ambiri ali ndi makompyuta amphamvu, sangaone msanga pamene zinthu zikukoka pa makina ofooka ngati athuwa. Zaka zapitazi version yaikulu yakhala ikutuluka mu February: 7 mu 2023, 8 mu 2024, 9 mu 2025. Isanatuluke amatulutsa yoyesera, ndipo nthawi imeneyo lipoti labwino limakhala lamtengo wapatali.

Git yokha, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zomwe mwapanga m'mafayilo, ndiye simungaizembe. Phunzirani zinthu zochepa: fork, clone, branch, commit, push, ndi kutsegula merge request, pempho loti ntchito yanu ilandiridwe. Madzulo awiri kapena atatu akukwanirani kuti muyambe.

Za bandulo, mukamatenga code gwiritsani ntchito git clone --depth 1 kuti musakoke mbiri yonse ya zaka zambirimbiri. Ma 3D model ndi olemera, amafika magigabayiti angapo, asiyeni kaye mpaka mutawafuna. Zikuluzikulu muzitsitsa usiku, ndipo wina akatsitsa tizigawana pa fulashi, palibe chifukwa choti anthu asanu a boma limodzi alipire fayilo imodzi kasanu.

Tsiku lomwe mudzafune kulowa mu code, ikani Linux, yomwe imayendetsa kompyuta ngati Windows, chifukwa kumanga KiCad, kusandutsa code kukhala pulogalamu yogwira ntchito, n'kosavutirapo kumeneko. Pa laputopu yofooka ulendo woyamba utha kutenga maola, koma magetsi akazima pakati simuyambiranso pachiyambi, imapitiriza pomwe inalekezera. Yang'anani ntchito zing'onozing'ono zomwe azilembera anthu ongoyamba kumene, musinthe chinthu chimodzi chokha pa merge request imodzi, ndipo mutsatire kalembedwe kawo ka code ngakhale simukukakonda. Chachikulu musachiyambe musanawafunse, mutha kutaya miyezi pa chinthu chomwe wina akuchichita kale. Python, chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, nayo ingakuthandizeni, ma footprint ambiri amapangidwa ndi ma script a Python m'malo mojambula pamanja.

Chomwe chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi kudikira. Owunika ambiri ndi anthu ongodzipereka, ali ndi ntchito zawo, ndiye merge request itha kukhala masabata osayankhidwa. Akayankha adzakuuzani kuti sunthani ichi, dzina ili silikutsata KLC, tipatseni tsamba la datasheet pomwe mwatenga muyeso uwu. Sikuti akukunyozani. Footprint yanuyo ikalowa, anthu a m'mayiko ambiri adzaidalira osaiyezanso, n'chifukwa chake amaunika mpaka kadontho. Konzani zomwe anena, muyankhe mwaulemu, ndipo podikirapo yambani chipangizo china.

Lembani pansipa dzina ndi nambala ya chipangizo chomwe mukufuna kuyamba nacho. Loweruka likubwerali ndikhala pa boma, bwerani ndi laputopu ndi chipangizocho, ine ndibwera ndi vernier caliper ndi fulashi yokhala ndi ma library, titsegulire limodzi akaunti yanu ya GitLab.