Chitsamba cha minga cha kufupi ndi Musina si nkhadze, ndi cholla

Achimwene, mwafunsa ngati chitsamba cha minga chimene mwajambula pafamu imene mumagwirapo ntchito kufupi ndi Musina ku South Africa chili mtundu wina wa nkhadze, komanso chifukwa chake tizidutswa take timakanirira pa mbuzi ndi pa nsapato za anthu. Ndachiyang'anitsitsa chithunzicho, ndipo ndikuona kuti si nkhadze ayi. Chimenechi ndi chomera cha m'banja la kakitasi, cha m'gulu limene kwawo ku Mexico ndi kumwera chakumadzulo kwa United States amalitcha cholla, dzina limene potchula limamveka kuti "choya". Akatswiri a zomera amalitcha gululi Cylindropuntia, ndipo muli mitundu yoposa 30.

Kusiyanitsa ndi nkhadze n'kosavuta. Nkhadze mukaithyola imatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, uja tinkachenjezedwa tili ana kuti usatigwere m'maso, pamene cholla mukamudula ndi chikwanje mupeza mnofu wonyowa wopanda utomoni wotero. Chachiwiri, yang'anani pamene minga yamera. Pa kakitasi aliyense minga imatuluka ingapo pamodzi pa kadiso kozungulira kokhala ndi ubweya, ndipo maluwa ndi nthambi zatsopano zimaphukanso pa timaso tomweto. Nkhadze ilibe timaso totere. Iyo ndi mbadwa ya kuno ku Africa, koma kakitasi kwawo ndi ku America, kupatula mtundu umodzi wotchedwa Rhipsalis baccifera, umene umapezekanso ukulendewera pamitengo m'nkhalango za kuno.

Wachibale wa cholla amene ambiri timamudziwa ndi kakitasi uja wa zigawo zaphwatalala ngati zikhatho, wobereka zipatso zodyedwa, amene anzathu a ku Zimbabwe amamutcha dhorofiya. Kale onsewa ankawaika m'gulu limodzi la Opuntia, mpaka m'zaka za m'ma 1930 pamene Frederik Knuth wa ku Denmark anawapatula. Zifukwa zake mungathe kuziona ndi maso anu. Nthambi za cholla ndi zobulungira, zolumikizana ngati mipindi ya nzimbe, ndipo khungu lake lili ndi timatumbi totukuka, kadiso kali pamwamba pa katumbi kalikonse. Koma chizindikiro chimene ine ndimachidalira kuposa zonse chili pa munga weniweniwo. Munga uliwonse wa cholla umavala kachimake kopyapyala ngati pepala, kotuwa kapena kachikasu pang'ono, ndipo mukaugwira mosamala ndi pulayala n'kukoka, kachimakeko kamavuka n'kusiya munga uli pomwepo. Timachimake timeneti ndi timene timachititsa kuti chitsamba chonse chiziwala dzuwa likapendeka.

Tsopano funso lenileni ndi lakuti ndi cholla uti, ndipo apa maso ayenera kupita pa zipatso, osati pa minga. Pachithunzi chanu ndikuona zipatso zobiriwira, zosalala, zopanda minga, zolendewera chimodzi pansi pa chinzake ngati unyolo. Zikakhaladi choncho, chomeracho ndi Cylindropuntia fulgida, chimene George Engelmann, dokotala wochokera ku Germany amene ankakhala ku St. Louis ku United States, anachilongosola mu 1856. Mawu akuti fulgida ndi a Chilatini, otanthauza chinthu chowala. Kwawo ndi ku chipululu cha Sonora, ku Arizona ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, kumene chimatalika mamita 1 mpaka 3, nthawi zina kuposerapo, chili ndi thunthu lalifupi ndi nthambi zogwera pansi. Maluwa ake ndi aang'ono, ofiirira mopepuka, ndipo amatseguka madzulo m'nyengo yotentha. Chodabwitsa n'chakuti chipatso chake sichipsa n'kugwa monga zipatso zina. Chimakhalabe chobiriwira pamtengo, ndiye chaka chotsatira duwa latsopano limaphuka pa kadiso ka chipatso chakalecho n'kubereka chinzake, ndipo unyolowo umanka nutalika chaka ndi chaka. Zipatso zambiri zilibe mbewu zomera, koma chipatso chikagwa pansi chimatha kutulutsa mizu chokha.

Pamenepa ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Azungu amachitcha cholla wodumpha, koma sichidumpha. Mpindi wakunsonga umalumikizana ndi unzake mofooka kwambiri, ndipo munga uliwonse uli ndi timano ting'onoting'ono toyang'ana kumbuyo ngati ta mbedza, kotero kuti mbuzi ikangokhudza pang'ono, mungawo umalowa, mpindi n'kuthothoka n'kupita nayo. Mbuzi ikayesa kuchotsa ndi kukamwa, minga imabaya milomo ndi lilime, ndipo chiweto chimalephera kudya. Pamene mpindiwo wakagwera, pamamera chitsamba china. Popeza chomerachi chimatsegula timabowo topumira usiku wokha kuti chisataye madzi masana, kachidutswa kangathe kukhala padzuwa la ku Limpopo kwa nthawi yaitali kasanaume, kakudikira mvula.

Pali mitundu ina imene mungaisokoneze ndi umenewu. Cylindropuntia imbricata, wa ku New Mexico, Texas ndi chipululu cha Chihuahua, nayenso anafika ku South Africa. Iyeyu maluwa ake ndi aakulu, ofiira moderako, zipatso zake ndi zachikasu, zamatumbimatumbi, sizipanga unyolo, ndipo mipindi yake siithothoka msanga. Cylindropuntia bigelovii ali ndi minga yothinana kwambiri moti khungu silioneka, kumunsi kwake kuli bii, maluwa ake achikasu chobiriwira. Palinso mtundu wa fulgida yemweyu wotchedwa mamillata, wa minga yochepa, umene nthawi zina umapindika ngati chibakera, ndipo anthu ankaugula kuti akongoletse pakhomo osadziwa chimene akubzala.

Wina anganene kuti dzina lilibe ntchito, bola tidziwe kuti ndi chomera choipa. Ine sindivomereza, ndipo mbiri ya dera lomwe mulilo ndiyo umboni wanga. Kwa zaka zambiri ku South Africa chitsamba chimenechi ankachitcha molakwika kuti Opuntia rosea. Kachilombo kotchedwa Dactylopius tomentosus, kamene anakabweretsa mu 1970 kuti kalimbane ndi imbricata, sikankaphula kanthu pa chitsamba cha ku Musinachi. Akatswiri atazindikira kuti ndi fulgida, anapeza mtundu wina wa kachilombo komweko kuchokera ku Baja California ku Mexico, ndipo atakamwaza kuyambira 2008, zitsamba zochuluka za m'chigwa cha Limpopo zinafota, mpaka kutsidya ku Beitbridge ku Zimbabwe. Tizilomboti timaoneka ngati kodikodi wa pa chinangwa, timagulu toyera ngati thonje pakati pa minga, ndipo mukatiphwanya ndi kamtengo timatulutsa madzi ofiira ngati magazi. Mukatiwona pachitsamba chanu, chonde musatipopere mankhwala, chifukwa tikukugwirirani ntchito.

Dziwaninso kuti malamulo a South Africa a 2014 okhudza zamoyo zobwera anaika chomerachi m'gulu la 1b, kutanthauza kuti n'koletsedwa kuchibzala kapena kuchigulitsa, ndipo mwini malo ayenera kuchithetsa. Muwauze abwana anu zimenezi, ndipo musalole anzanu kuchitema ndi zikwanje n'kusiya zidutswa mbwee, pakuti kutero n'kubzala. Ndikupemphaninso ndi mtima wonse kuti pobwerera kumudzi musatenge kachidutswa koti mukapange mpanda, chifukwa malo otentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje chingathe kuwakonda.

Mpindi ukakumamatirani pamwendo musaugwire ndi dzanja. Lowetsani chipeso pakati pa khungu ndi mpindiwo, mukankhe mwamphamvu kamodzi kulozera kutali ndi anthu, kenako muzule minga yotsala umodziumodzi ndi pulayala ndi kutsuka bala ndi sopo. Mbuzi muzichita nazo chimodzimodzi, wina ataigwira mutu. Ngati mungathe, jambulaninso zipatsozo pafupi, ndi munga umodzi mutauvula kachimake, muike pano kuti titsimikize ngati ndi fulgida kapena imbricata.