Amalume akana mkamwini chifukwa cha mitala ya Amormoni

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga, ndipo ya mlongo wako imene idabwera pambuyo pake ndaiwerenganso. Iwe ukuti mnyamata amene akufuna kukukwatira amapemphera ku Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, umene ambiri amangoti wa Amormoni, ndipo amalume ako akana kulandira ankhoswe ake chifukwa adaona kanema pa foni wonena za munthu wina wa ku America, wodzitcha mneneri wa chipembedzo chomwecho, amene adali ndi akazi ambirimbiri, ena mwa iwo ana aang'ono, ndipo tsopano ali m'ndende ku Texas. Mlongo wako akufunsa ngati anthu onsewa ndi amodzi, ndipo akuti wakhala akumunyodola mnyamatayo pomufunsa kuti iwe udzakhala mkazi wachingati. Ndikuyankhani pamodzi chifukwa nkhani yanu ndi imodzi.

Amalume ako usawayese ouma mtima. Iwo ndiwo eni mbumba, ndipo tsiku limene banja lako lidzagwedezeke ndiwo adzakhale pansi kumva mlandu, kotero kufufuza kumene mkamwini akuchokera ndi udindo wawo. Zimene adaona m'kanemamo si zopeka, zidachitikadi. Pamene akuphonya ndi poganiza kuti aliyense wowerenga Buku la Mormon, buku lopatulika la chipembedzochi, ali m'nyumba imodzi, chikhalirecho anthu amenewa adagawikana kalekale, ndipo lero ali m'mipingo yambiri yosagwirizana, ina mwa iyo idafika mpaka posumirana kubwalo lamilandu.

Mpingowu udayambitsidwa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York, ndipo otsatira ake, chifukwa cha mikangano ndi anthu oyandikana nawo, adasamukasamuka kuchoka ku Ohio kupita ku Missouri mpaka kukamanga mzinda wa Nauvoo m'chigawo cha Illinois. Pa 27 Juni 1844 chigulu cha anthu chidathyola ndende ya ku Carthage ndi kumuwombera Smith, ali ndi zaka 38 zokha, pamodzi ndi mkulu wake Hyrum, amene ambiri ankamuyembekezera kuti ndiye angadzalowe m'malo mwake. Inu mukudziwa zimene zimachitika pamudzi mfumu ikamwalira isanaloze woilowa: nduna imene inkakhala pambali pake imati mpando ndi wake, akuluakulu a pabwalo amati ayambe augwirizira iwo, wina amatulutsa kalata yoti malemu adamusiyira, ndipo a m'banja amati ufumu umayenda m'magazi. Zonse zinayi zidachitika ku Nauvoo.

Nduna ija adali Sidney Rigdon, phungu wamkulu wa Smith, amene adapempha kuti akhale mtetezi wa mpingo. Akuluakulu a pabwalo adali atumwi 12 otsogozedwa ndi Brigham Young, ndipo pamsonkhano wa pa 8 Ogasiti 1844 anthu ambiri adasankha iwo. Rigdon adapita ku Pennsylvania kumene gulu lake lidabalalika, ngakhale kuti mmodzi wa otsatira ake, William Bickerton, adakhazikitsa mpingo mu 1862 umene ulipobe, likulu lake lili ku Monongahela. Mwini kalata adali James Strang, munthu amene adali atangobatizidwa miyezi yochepa Smith asanaphedwe. Iyeyu poyamba ankadzudzula mitala, kenaka adaiyamba yekha, adavekedwa ufumu pachilumba cha Beaver Island mu 1850, ndipo mu 1856 adawomberedwa ndi anthu amene kale adali omutsatira. A gulu lake alipobe, koma ndi ochepa kwambiri.

A m'banja ndiwo adatenga nthawi. Emma, mkazi wamasiye wa Smith, adakana kutsatira Brigham Young ndipo adatsala ku Nauvoo ndi ana ake, wamkulu mwa anyamata, Joseph Smith III, ali ndi zaka 11. Anthu amene sadapite kumadzulo, amenenso ankanyansidwa ndi mitala, adadikira mpaka mwanayo atakula, ndipo mu 1860 adavomera kuwatsogolera. Mpingo umenewu likulu lake lili ku Independence m'chigawo cha Missouri, ndipo kuyambira mu 2001 umatchedwa Community of Christ. Uli ndi anthu pafupifupi 250,000, ena mwa iwo ali ku Zambia ndi kuno ku Malawi, ndipo mitala sudaivomerepo ngati chiphunzitso chake. Koma nawonso sudapulumuke ku mpatuko. Pamene udalola mu 1984 kuti amayi azidzozedwa unsembe, anthu ambiri adatuluka ndi kuyamba kusonkhana paokha, ndipo pamene utsogoleri udapatsidwa mu 1996 kwa munthu amene sadali mdzukulu wa Smith, mwambo wa magazi uja udathera pomwepo. Mumzinda womwewo wa Independence muli kampingo kena kakang'ono, Church of Christ, kamene kamasunga malo amene Smith adaloza kuti padzamangidwe kachisi, ndipo a Joseph Smith III adakasumira m'zaka za m'ma 1890 pofuna malowo koma sadawatenge.

Tsopano tibwere kumene kuli mantha a amalume ako. Amene adatsatira Brigham Young adafika kuchigwa cha Salt Lake mu 1847, ndipo mu 1852 adalengeza poyera kuti mitala ndi lamulo la Mulungu kwa iwo. Mchitidwewu udayamba mwachinsinsi ndi Joseph Smith mwini, ndipo mpingo wa mnyamata wakoyo udavomereza polemba kuti akazi ake adali pakati pa 30 ndi 40, pamene a Young adapitirira 50. Boma la America lidalimbana nawo kwa zaka zambiri, lidatsekera amuna m'ndende ndi kulanda katundu wa mpingo, mpaka mu 1890 mtsogoleri wawo Wilford Woodruff adalengeza kuti maukwati amitala atha. Iwo amati lidali vumbulutso, ena amati idali mphamvu ya boma, ndipo ine ndikuona kuti munthu woona mtima sangaiwale kuti Utah, dera limene adakhazikikamo, idaloledwa kukhala chigawo cha America mu 1896, mitala itasiyidwa. Ena adapitiriza mobisa, kotero mu 1904 mpingo udakhwimitsa lamulo kuti aliyense wotenga mkazi wachiwiri adulidwe, ndipo lamulo limenelo likugwirabe ntchito, ngakhale m'maiko amene boma limalola mitala.

Odulidwawo ndiwo makolo a gulu limene amalume ako adaliona. Iwo ankanena kuti mtsogoleri wakale John Taylor adalandira vumbulutso mu 1886 loti mitala isadzathe, choncho mpingo waukulu ndiwo udasochera. Ambiri adakakhala ku Short Creek, m'malire a Utah ndi Arizona, kumene apolisi adawagwira mu 1953, ndipo pambuyo pake nawonso adagawikana m'magulu angapo pa nkhani yomweyo yoti mneneri weniweni ndani. Kulimbirana mpando kumeneko kudafika pokhetsa mwazi, pakuti mu 1977 Rulon Allred, mtsogoleri wa gulu lina, adaphedwa molamulidwa ndi Ervil LeBaron wa gulu linanso. Munthu wa m'kanemayo ndi Warren Jeffs wa limodzi la maguluwo, lotchedwa FLDS, amene adalowa m'malo mwa bambo ake mu 2002. Iye ndiye ankasankhira atsikana amuna, ankalanda akazi ndi ana kwa amuna amene wawakwiyira ndi kuwapereka kwa ena, ndipo anyamata ambiri adapirikitsidwa pamudzipo. Mu 2008 boma la Texas lidachotsa ana oposa 400 pafamu ya gululo, ndipo mu 2011 bwalo lidamupeza wolakwa pogwirira atsikana a zaka 12 ndi 15, ndi kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse ndi zaka zina 20 pamwamba.

Akale adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewu umanena za nsomba za mumtanga umodzi. Jeffs sadakhalepo mtsogoleri mumpingo wa mnyamata wakoyo, umene likulu lake lili ku Salt Lake City ndipo uli ndi anthu oposa 17 miliyoni, womwe umatumiza anyamata a malaya oyera amene timawaona akuyenda awiriawiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumusenzetsa mlandu wa Jeffs ndi kumulakwira. Komabe sindikufuna kuti upite kwa amalume ako ukanene kuti mpingowo ulibe mbiri ya mitala, chifukwa tsiku limene adzamve za Brigham Young adzakuyesa wabodza ndipo sadzakumveranso. Uwauze zonse, ngakhale zoti vumbulutso lonena za mitala lidakalipo m'buku lawo la Doctrine and Covenants, chigawo 132, ndiponso zoti mwamuna amene mkazi wake wamwalira amaloledwa kumangitsa ukwati wamuyaya m'kachisi ndi mkazi wina popanda kumasula woyamba uja.

Pa kayendetsedwe ka nkhaniyi, usakakangane ndi amalume ako pamaso pa anthu, ndipo usayerekeze kungolowana ndi mnyamatayo poganiza kuti akuluakulu adzavomera akaona mimba. Uyambe wafotokozera mayi ako modekha, iwo ndiwo akalankhule ndi mlongo wawo. Mnyamatayo auze ankhoswe ake kuti abwerenso, ndipo abwere okonzeka kutchula dzina lonse la mpingo wake, kumene kuli likulu lake, ndi amene amatsogolera nthambi imene iye amasonkhanako, kuti amalume ako akathe kukaonana nawo ndi kufunsa okha. Safunsa adadya phula, ndipo kufunsa kotere sikunyoza munthu.

Iwe mnyamata, mlongo wake wa mwanayu, chibwana chako chisiye. Munthu amene angadzakhale mlamu wako sachitidwa chipongwe pa chipembedzo chake, makamaka pa chinthu chimene mpingo wake udasiya agogo ako asanabadwe. Upite ukamupepese, ndipo uleke kumuitana kuti Mmormoni, popeza kuyambira mu 2018 atsogoleri awo adapempha kuti dzina limenelo lisiyidwe. Ngati uli ndi mtima wofuna kudziwa zoona, lilipo funso loyenera munthu wamkulu: mpaka mu 1978 mpingo wa ku Salt Lake City sunkalola anthu akuda kukhala ansembe kapena kumangitsa ukwati m'kachisi, pamene mpingo wa Joseph Smith III udalola kudzoza amuna akuda mu 1865. Umufunse mwaulemu kuti iye monga Mmalawi mbiri imeneyi amaiona bwanji, ndipo umumvetsere mpaka amalize.

Ndibwerere kwa iwe mdzukulu wanga, chifukwa pamene banja lonse likuyang'ana mitala imene kulibe, zinthu zimene zidzakhudzedi nyumba yako palibe akuzifunsa. Anthu a mpingo umenewu samamwa mowa, tiyi kapena khofi, ndipo sasuta fodya, kotero udziwiretu ngati iye adzalole kuti alendo ako uziwaphikira tiyi. Amapereka chakhumi mosadumphitsa, ndipo muyenera kugwirizana ngati chidzachokere pa malipiro ake okha kapena pa ndalama za nonse awiri. Ubatizo wa mpingo wako iwo sauwerengera, choncho ukafuna kulowa mpingo wawo udzabatizidwanso, ndipo ukasankha kukhalabe kwanu mukambirane tsopano kuti ana adzapita kuti Lamulungu. Chachikulu ndi ukwati wa m'kachisi, umene kwa iwo ndiwo umamanga banja mpaka muyaya. Akachisi awo, monga wa ku Johannesburg amene adatsegulidwa mu 1985, salowamo munthu wopanda chilolezo cha mpingo, ndiye kuti mayi ako ndi amalume ako adzatsala kunja ngakhale atakwanitsa ulendowo. Pa chifukwa chimenechi chinkhoswe ndi ukwati wa pamaso pa abale zichitike kuno kwathu poyamba, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri amvane zimenezi tsiku lisanatchulidwe. Mnyamatayo akayamba kuzemba mafunso amenewa, kapena akakana kuti amalume ako akaonane ndi atsogoleri a nthambi yake, undilemberenso usanapereke yankho lililonse kwa ankhoswe ake.