Vuto Ndi Ochita Sewero Kapena Olemba? Yankho kwa Mayi wa ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds, mzinda wa ku England. Iwo akuti ana awo awiri ndiwo anawakokera ku sewero la Doctor Who, ndipo anzawo a kuntchito amatamanda kwambiri masewero a pa TV a ku Britain a nkhani zopeka za sayansi, ponena kuti ochita masewerowa ndi akatswiri osayerekezeka. Koma iwo ataonera magawo angapo, akale ndi atsopano omwe, anapeza zilombo zoonekeratu kuti ndi munthu wavala mphira, anthu olankhula mokweza ngati ali pa nsanja ya zisudzo, komanso magawo ena ogwira mtima pamene ena mutu wake sumveka ngakhale kuti ochita ake ndi omwewo. Funso lawo ndi lakuti, sewero lotere likalephera, wolakwa ndi ndani pakati pa ochita ndi olemba, nanga munthu wofuna kuona zabwino zake ayambire pati?

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kuvomereza kuti zimene mwaonazo n'zoona. Maganizo anga, patatha zaka zambiri ndikuonera masewerowa, ndi akuti ochita sewero sakhala vuto kawirikawiri. Chimene chimakwera ndi kutsika ndi zolembedwa, ndipo katswiri wa zisudzo akapatsidwa mawu opanda kanthu angathe kubisa kuperewerako kwa mphindi zochepa chabe, koma sangakuchotse.

Za kulankhula mokweza zija zili ndi chiyambi chake. Mu 1953, pamene BBC inaonetsa The Quatermass Experiment, sewero la magawo 6 lolembedwa ndi Nigel Kneale, linkaulutsidwa nthawi yomweyo pamene likuchitika, moti wochita akaiwala mawu, dziko lonse linkaona. Ndalama zinali zochepa kwambiri, kotero kuti chilombo cha kumapeto kwa nkhaniyo chinali manja a wolembayo, atavala magolovesi omatidwa masamba, akuwagwedeza kudzera m'chithunzi cha tchalitchi cha Westminster Abbey. Doctor Who itayamba pa 23 November 1963, inkajambulidwa pa tepi, koma kudula ndi kulumikiza tepi kunali kodula, choncho gawo lililonse linkajambulidwa pafupifupi ngati chisudzo cha pa nsanja, makamera angapo akugwira ntchito nthawi imodzi. N'chifukwa chake mukaonera William Hartnell, amene anali woyamba kukhala Doctor, mwini nkhani wa sewerolo amene ochita osiyanasiyana akhala akumusewera mosinthana, mumva malo ena akupunthwa pa mawu n'kupitiriza osabwereza. Ochita ambiri a nthawi imeneyo anakulira m'magulu a zisudzo za pa nsanja, kumene munthu amaphunzira kulankhula kuti wa pa mpando wa kumbuyo amve. Chimene chikuoneka ngati kukokomeza lero chinali luso loyenerera malo ndi zipangizo za nthawi yawo, ndipo munthu akazolowera, amayamba kuona kuti anthuwa ankasenza nkhani yonse ndi mawu awo ndi nkhope zawo, popeza panalibe china choti chiwathandize.

Umphawi umenewu ndi umene unaumba khalidwe la masewerowa. Wolemba amene akudziwa kuti sangaonetse nkhondo ya zombo chikwi mumlengalenga amakakamizika kulemba anthu awiri akukangana m'chipinda, ndipo mkanganowo uyenera kukhala ndi nyama. Chitsanzo chomveka ndi Blake's 7, imene inaonetsedwa kuyambira 1978 mpaka 1981. Makoma a chombo cha mumlengalenga cha m'sewerolo ankaoneka kuti ndi matabwa, ndipo mapulaneti achilendo nthawi zambiri anali malo okumba miyala a ku England. Komabe anthu amaikumbukirabe chifukwa cha ubale wa Blake, womenyera ufulu amene chikhulupiriro chake chinkamuchititsa khungu, ndi Avon, munthu wanzeru wosakhulupirira aliyense, amene Paul Darrow ankamusewera mozizira ndi mochenjera. Terry Nation analemba yekha magawo onse 13 a chaka choyamba, ndipo Chris Boucher, amene ankakonza zolembedwazo, ndiye ankanola mawu a anthuwa kuti akhale akuthwa.

Tsono pofuna kudziwa wolakwa, njira imene ine ndimaidalira ndi kutsatira wochita mmodzi m'zolembedwa zosiyana. Colin Baker anakhala Doctor kuyambira 1984 mpaka 1986, ndipo ambiri sanamukonde. Anamulembera munthu waukali ndi wodzitama, anamuveka chijasi cha mitundu yosokosa, kenaka anamuchotsa. Koma kuyambira 1999, kampani ya Big Finish itayamba kupanga masewero a Doctor Who omvera chabe opanda zithunzi, munthu yemweyo anapatsidwa nkhani zolembedwa mosamala, ndipo ambiri mwa amene ankamunyoza anasintha maganizo. Luso lake silinabadwe mu 1999, linalipo kale, koma linasowa pogwira.

Nkhani ya Jodie Whittaker imandiphunzitsa zambiri kuposa pamenepa. Mu 2013 anasewera mayi woferedwa mwana mu Broadchurch, limene si sewero la sayansi, ndipo chisoni chake chinali chenicheni moti n'chovuta kuchiyang'ana. Wolemba sewerolo anali Chris Chibnall, yemwenso anatsogolera Doctor Who pamene Whittaker anakhala Doctor kuyambira 2018 mpaka 2022. Wolemba yemweyo, wochita yemweyo, koma zotsatira zinasiyana kutali. Monga mmene ndikuonera, vuto linali lakuti Doctor anapatsidwa anzake atatu oyenda nawo, aliyense wofuna nthawi yake m'gawo la mphindi zosakwana 60, ndipo Whittaker kawirikawiri ankangosiyiridwa ntchito yofotokoza zimene zikuchitika, kutchula maina a makina ndi mbiri za mitundu ya zolengedwa. Munthu sangaonetse mtima wake pamene akuwerenga malangizo. Pamene nkhani inali ndi fupa, monga gawo la Demons of the Punjab lolembedwa ndi Vinay Patel, lonena za kugawidwa kwa India mu 1947, aliyense wa m'sewerolo anaoneka kuti wakula msinkhu. Izi zikusonyezanso kuti sitinganene mwachidule kuti wolemba uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa, pakuti munthu wodziwa kulemba za chisoni cha m'tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja, monga mu Broadchurch, angathe kuvutika akapatsidwa chilengedwe chonse.

Ndiloleni ndikhalitse pang'ono pa gawo la Doctor Who limene ndimaliona kuti ndi umboni waukulu wa zimene ndikunenazi, lotchedwa Midnight, la mu 2008, lolembedwa ndi Russell T Davies. Pafupifupi nkhani yonse ikuchitikira m'galimoto imodzi yonyamula alendo okaona malo pa pulaneti limene kunja kwake sikungakhale chamoyo. Galimotoyo ikuima, chinachake chikuyamba kugogoda kunja, kenaka chikulowa mwa mayi mmodzi wa apaulendowo, amene Lesley Sharp anamusewera. Mayiyo akuyamba kubwereza mawu alionse amene wina wanena. Posakhalitsa akulankhulira limodzi ndi wolankhulayo, ndipo pamapeto pake akutsogola, moti Doctor, amene anali David Tennant, ndiye akusanduka wobwereza. Chilombocho sichioneka ngakhale kamodzi. Choopsa chenicheni ndi anthu wamba aja, amene mantha akuwasandutsa gulu lofuna kuponya mnzawo kunja, ndipo amene akuwapulumutsa ndi mayi wothandiza apaulendo amene pambuyo pake zikudziwika kuti palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa dzina lake. Taganizani luso limene linafunika kuti anthu awiri alankhule ziganizo zazitali nthawi imodzi, mpweya ndi mpweya, wina nkhope yake ili chete ngati mwala, winayo maso atadzaza mantha. Koma luso limenelo likanagwira pati wolembayo akanapanda kuganiza zoti chida chachikulu cha Doctor ndi pakamwa pake, ndipo njira yomuopsezera ndi kumulanda mawu? Apa ndi pamene zolemba ndi kachitidwe zimakumana, ndipo palibe ndalama zambiri zimene zinafunika.

Peter Capaldi ndi munthu winanso woyenera kumutsatira. Mu July 2009, BBC inaonetsa Torchwood: Children of Earth kwa masiku asanu otsatizana. Zolengedwa zochokera kutali zikulamula kuti zipatsidwe mwana mmodzi mwa ana khumi alionse a padziko lapansi, ndipo Capaldi akusewera John Frobisher, wogwira ntchito m'boma wokhulupirika amene akuluakulu ake amukankhira kutsogolo kuti mlandu ukadzabuka ugwere iye. Chigawo chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi msonkhano wa nduna, pamene anthu ovala bwino akukambirana modekha za ana oti aperekedwe, n'kugwirizana kuti atengedwe a m'masukulu osakhoza bwino, ana awo eni atatetezedwa. Palibe amene akukuwa. Capaldi akusewera munthu amene akusweka pang'onopang'ono mkati mwa suti yake, ndipo mphamvu yake ili m'zimene akudziletsa kuchita. Patapita zaka zingapo iye anadzakhala Doctor, ndipo mu 2015, m'gawo la Heaven Sent lolembedwa ndi Steven Moffat, anasenza pafupifupi ola lathunthu ali yekha, akulira mnzake amene anamwalira. M'zaka zomwezo analinso m'magawo ena ofooka, ndipo ngakhale ankayesetsa, munthu umaona kuti akukoka ngolo yopanda mateyala.

Chifukwa chimene zolembedwa zimakwerera ndi kutsika chotere chili m'kapangidwe ka masewero a ku Britain. Ku America kawirikawiri pamakhala gulu la olemba amene amakhala pamodzi kuumba nkhani ya chaka chonse. Ku Britain mwambo ndi wakuti munthu mmodzi alembe zambiri kapena zonse, ndipo magawo amakhala ochepa. Ubwino wake ndi wakuti sewero limakhala ndi liwu lake lake. Mukaonera Years and Years ya mu 2019, nkhani ya banja lina la ku Manchester limene likudutsa m'zaka 15 za kusokonekera kwa ndale ndi chuma, mumamva kuti munthu mmodzi, Davies yemwe uja, akulankhula zimene zikumudya mumtima. Black Mirror ya Charlie Brooker, imene inayamba pa Channel 4 mu 2011, nayonso inali yotero, makamaka gawo la Be Right Back, la mayi amene akulankhula ndi makina otsanzira wokondedwa wake womwalira. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo zofooka za wolemba mmodziyo zimabwerezeka popanda womudzudzula. Davies amadziwa kulemba mabanja, amayi ndi ana awo, ndi mmene anthu wamba amalankhulira kukhitchini, koma nthawi zambiri amakweza vuto mpaka kumwamba kenaka n'kulithetsa mofulumira m'mphindi zomaliza. Moffat amadziwa kuluka nkhani mwanzeru, monga mu Blink, gawo la Doctor Who la mu 2007, koma akapatsidwa chaka chonse amamanga mfundo zambiri zimene zina sazimasula bwino. Magawo amene munati mutu wake sumveka, ndikukhulupirira kuti ambiri ndi a mtundu umenewu.

Pali malo ena pamene ochita okha ndiwo amayenera kuyamikiridwa. Mu Humans, imene inayamba mu 2015, Gemma Chan ndi anzake osewera maloboti ooneka ngati anthu anaphunzitsidwa kuyenda, kukhala pansi ndi kutembenuka popanda timayendedwe tating'ono timene munthu amachita mosadziwa, ndipo zimenezi n'zimene zimachititsa kuti woonera asakhazikike mtima ngakhale loboti likumwetulira. Sindikunena kuti ochita ofooka kulibe. Alipo, makamaka m'mbali zing'onozing'ono, koma si iwo amene amagwetsa sewero.

Ndalama zitachuluka, vutoli silinathe. Pamene Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland, anakhala Doctor kumapeto kwa 2023, BBC inali itagwirizana ndi Disney, ndipo zithunzi zinakongola kuposa kale lonse. Gatwa ndi katswiri weniweni, ndipo mphindi zomaliza za gawo la Dot and Bubble, pamene anthu amene akufuna kuwapulumutsa akumukana chifukwa cha khungu lake, iye n'kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndi zina mwa zamphamvu kwambiri zimene ndinaonapo m'sewerolo. Koma anapatsidwa magawo 8 okha pachaka, m'magawo ena sankaoneka kwambiri, ndipo nkhani zomaliza zinadzaza ndi adani akale amene woonera watsopano sakanawadziwa. Anachoka mu 2025 tisanamudziwe mokwanira, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni.

Pa funso lanu la poyambira, Mayi, ndingakulangizeni kuti muonere Blink ndi Midnight pamodzi ndi anawo, popeza magawo awiriwa safuna kuti munthu adziwe zambiri za m'mbuyo, ngakhale kuti angaopse mwana wamng'ono. Heaven Sent muisunge kufikira mutamuzolowera Capaldi. Children of Earth ndi Years and Years muonere nokha ana atagona, pakuti muli imfa ndi zinthu zina zolemera zimene sizinalembedwere ana. Mukadzafuna kuyesa zakale, yambani ndi Genesis of the Daleks, nkhani ya Doctor Who ya mu 1975, ndipo mukafika pamene Tom Baker, Doctor wa nthawi imeneyo, akukambirana ndi mdani wake Davros, amene Michael Wisher anamusewera nkhope yonse itaphimbidwa ndi mphira, mudzatseke maso kwa kanthawi n'kungomvetsera mawu awo.